Afinye awiri omatana m'munda: kodi finye ndi chule weniweni, ndipo amalira?

Mayi a Chisomo, ku Linthipe

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Mvula itagwa koyamba kuno kwathu ndinapita kumunda kukamalizitsa mizere imene inatsalira kumunsi, pafupi ndi chulu. Nditangogalauza ndi khasu panatuluka finye, koma sanali yekha. Anali awiri, wamkulu pansi, kakang'ono kali pamsana pake. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kakang'onoko sikanagwirire ndi manja ayi. Timanja take tinali lende m'mbali, koma osagwa, ndipo wamkuluyo akamayenda iko kamangopita naye limodzi.

Mwana wanga wa sitandade 4 anathamangira kukawatola ine ndisanamuletse. Wamkuluyo anafufuma nthawi yomweyo n'kutulutsa zoyera zonanda pamsana, zala za mwana n'kumatana, moti tinachita kupukuta ndi mchenga tisanatsuke ndi sopo. Mwanayo ali bwinobwino mpaka pano, sanatupe, sakudandaula chilichonse, koma ine mtima sunakhale m'malo.

Apongozi anga atamva anati amenewo ndi malodza, afinye oberekana saoneka wamba, ndipo anafuna kuti tiwaphe tikawataye kumtsinje. Ine sindinathe. Ndinawabweza pa dothi lofewa pansi pa mapesi, ndipo pamene ndimabwerera anali atalowa kale pansi.

Tsono mafunso anga ndi awa. Kodi finye ndi chule weniweni? Ndikufunsa chifukwa chibadwire sindinamuonepo m'madzi, ndiponso sindinamuonepo akudumpha. Nanga kakang'ono kanali pamsana kaja ndi mwana wake? Zoyera zija n'zoopsa kwa munthu? Bambo a kunyumba akuti anamuonanso ku Joni pamene ankagwira ntchito pa famu, ine ndikuti mwina anaona china chofanana naye. Chomaliza, akuluakulu kuno amati finye salira, ndi chinthu chopanda mawu. Zoona zimenezi?

Agogo a ku Lizulu

Mwana wanga, mwachita bwino osapha. Ifenso tinakula tikuuzidwa kuti finye akakudutsira panjira ulendo umenewo waipa, ubwerere. Koma ine ndaweta ng'ombe ubwana wanga wonse m'mapiri a kuno ku Ntcheu, afinye ndawagwira ndi manja angawa osawerengeka, ndipo lero ndine nkhalamba ya zidzukulu. Zoyerazo zimangomata, basi. Tinkapukuta pa udzu n'kupitiriza kuweta.

Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti finye ndi ngumbi zimayendera limodzi. Tsiku limene ngumbi zatuluka, pitani pa chulu madzulo ndi muuni. Mudzamupeza atakhala phee pafupi ndi pamene zikutulukira, akungotola imodziimodzi ndi lilime mpaka mimba kuti nde. Bambo anga ankatinso ukaona finye akuyenda masana kunja kuli mitambo, dziwa kuti chinyezi chalowa pansi mokwanira, tenga mbewu ukabzale. Chizimalupsa chokha sichinkamutulutsa kawirikawiri, ankadikira mvula yeniyeni.

Za apongozi anuzo musakangane nawo. Iwonso anangolandira kwa makolo awo, ndipo akunena chifukwa chokonda mdzukulu wawo. Akaona mwanayo akusewera wamoyo sabata ndi sabata, nkhaniyo izizira yokha. Za kulirazo ndisiyira ophunzira.

Aphunzitsi a ku Domasi

Mayi a Chisomo, moni, ndipo agogo a ku Lizulu ndakugwadirani, mwanena zoona zokhazokha. Ine ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo ku sekondale, ndipo mwa achule onse a m'dziko muno finye ndi amene ndimamukonda koposa, choncho mundilole nditalikitseko.

Finye ndi chule weniweni, koma ndi chule amene anasiyana nawo madzi. Moyo wake wonse, kuyambira ali dzira mpaka kufa, uli m'nthaka. Mukamvetsa chimenechi, zonse zimene zakudabwitsani zimamveka.

Yambani ndi thupi lake. Ndi lozungulira, mutu ndi waufupi kwambiri moti khosi silioneka, nkhope ndi yophwatalala, ndipo kukamwa ndi kopapatiza kopindikira pansi, n'chifukwa chake amaoneka wokwiya nthawi zonse. Miyendo ndi yaifupi, mbali yaikulu ya ntchafu inabisika m'khungu la thupi. Ndi miyendo yotero sangadumphe. Amayenda, ndipo akafuna kuthawa amathamanga pang'ono n'kuima. Pakati pa zala zake palibe kachikopa kosambirira kamene achule a m'dambo ali nako, choncho kusambira sadziwa. Ana akamuponya m'chithaphwi amangofufuma n'kuyandama, ndipo akapanda kufika pamtunda amafa. Chimenechi ndimaletsa kwambiri ana a sukulu, chifukwa ambiri amachita poganiza kuti akumuthandiza, akumubweza kwawo.

Mukadzamugwiranso mudzamutembenuze muone phazi lakumbuyo. Cha kuchidendene kuli kotupa kolimba. Chimenecho ndicho chokumbira chake. Finye salowa pansi ndi mutu, amalowa chobwerera: amapalasa dothi ndi mapazi akumbuyo, uku akuzungulira pang'onopang'ono, thupi likutitimira mpaka maso ndi amene amatsiriza kukwiririka. Pa dothi lofewa sipatenga nthawi, n'chifukwa chake munapeza atasowa. Nyengo yonse ya chilimwe amakhala pansi pomwepo pamene pali chinyezi, osatuluka, mpaka mvula ibwere.

Mtundu wofala kwathu kuno akatswiri amautcha Breviceps mossambicus. Anaulemba koyamba ndi Wilhelm Peters, katswiri wa ku Germany amene anayenda m'dziko la Mozambique m'zaka za m'ma 1840, ndipo dzinali analisindikiza mu 1854. Wamkazi amafika pafupifupi masentimita 5, wamwamuna amakhala wamng'ono kuposa pamenepo. Pamsana amakhala wofiirira kapena wotuwa, ena oderako, ena ofiirirako kwambiri. Chizindikiro chosavuta kuona ndi mzere wakuda wochokera pa diso kutsikira cha kumkono. Kumimba n'koyererako kwa mathothomathotho, ndipo wamwamuna amakhala wakuda pakhosi. Palinso mtundu wina umene umapezeka kuno, Breviceps poweri, umene H. W. Parker wa ku London anaulemba mu 1934 kuchokera ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe m'dziko la Zambia. Ndi maso okha mitundu iwiriyi ndi yovuta kuisiyanitsa, ngakhale kwa anthu ozolowera. Amaisiyanitsa bwino ndi kaliridwe.

Tsono za kuberekanako, mayi, amene munawaonawo ndi mwamuna ndi mkazi wake. Wamkuluyo ndiye mkazi. Achule ena akamakwerana, wamwamuna amakumbatira wamkazi ndi mikono mwamphamvu. Finye wamwamuna sangathe, chifukwa mikono yake ndi yaifupi pamene mkazi ndi wonenepa. Ndiye khungu lawo limatulutsa zomata, mwamunayo n'kumatirira pamsana pa mkaziyo, ndipo amamatana zolimba ndithu. Mukawapeza choncho musayese kuwalekanitsa, mutha kung'amba khungu. Zomatazo zimadzasiya zokha ntchito ikatha. Mkazi ndi amene amakumba, mwamuna ali pamsana, mpaka onse awiri atalowa pansi, ndipo kumeneko amakonza kachipinda kozungulira koikiramo mazira.

Apa ndi pamene finye amandigometsa. Chule wa m'dambo amaikira mazira ambirimbiri m'madzi, ena mpaka zikwi, podziwa kuti ochuluka adyedwa ndi nsomba ndi tizilombo. Finye amaikira ochepa, 20 kapena kupitirirako pang'ono, koma akuluakulu, odzaza ndi chakudya. Pamwamba pake amaikanso timazira tina topanda kanthu, tamadzimadzi, tothandiza kusunga chinyezi. Ana ake sakhala mbululu zosambira m'chithaphwi n'kumadya ndere. Amakulira momwemo m'kachipindamo, akudya chakudya cha m'dzira, ndipo pakatha masabata 6 mpaka 8 amatuluka ali tiafinye tathunthu, tamiyendo inayi, tosaposa sentimita imodzi. N'chifukwa chake mumamupeza kumunda wa kumtunda kumene kulibe ngakhale kamtsinje. Chimene amafuna ndi dothi lofewa losadikha madzi koma losunga chinyezi.

Kufufumako ndi njira yodzitetezera. Amakoka mpweya wambiri m'mapapo kuti aoneke wamkulu ndiponso kuti njoka kapena mbalame ivutike kumumeza. Akafufuma ali m'dzenje lake amathina, mdani sangamusolole. Zoyerazo ndi chitetezo chachiwiri: zimamata ndipo n'zoipa mkamwa mwa chilombo chofuna kumudya. Pakhungu la munthu lopanda bala sizichita kanthu koposa kumata. Chofunika n'kusamba m'manja bwinobwino, monga munachitira, ndi kuuza mwana kuti asamatikite m'maso kapena kugwira chakudya asanasambe. Lamulo limeneli ndi la chule aliyense, si la finye yekha. Finye saluma munthu.

Bambo a kunyumba kwanu sanalakwitse. Mtundu wa mossambicus umapezeka kuno, ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe, Tanzania, Eswatini ndi kum'mawa kwa South Africa. Afinye onse pamodzi alipo mitundu pafupifupi 20, yonse ya kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, ndipo yochuluka ili ku South Africa komweko. Choncho mwina anaona wathu yemweyu, mwina m'bale wake. Amene mumaonera makanema pa intaneti mwina munaonapo kafinye kokutidwa ndi mchenga kakulira mwa tswii. Kameneko ndi Breviceps macrops, ka m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Namibia ndi South Africa, ndipo kuno kulibe. Wathuyu amakonda nkhalango za mombo ndi masuku, madera a udzu, m'mbali mwa mapiri, ndi m'minda momwe.

Za kulira, akuluakulu a kwanuko anamunamizira. Finye amalira, ndipo ndikutsimikiza kuti inu mwamumvapo kambirimbiri osadziwa kuti ndi iye. Amalira ndi wamwamuna yekha, poitana mkazi. Mawu ake si a "kroo kroo" amene timati ndiwo kulira kwa chule. Ndi kamawu kakafupi, kakuthwa, kokwera, kofanana ndi ka mwanapiye wosochera amene akufuna make: "pii", kaphee pang'ono, "pii". Amalira ali pakhomo pa dzenje lake kapena pansi pa zinyalala, mvula ikangokata, usiku kapena masana kukakhala mitambo ndi mawawa. Mmodzi akayamba, wina amayankha patali pang'ono, mpaka munda wonse uli pii pii, koma osaona chimene chikulira. Munthu amafunafuna m'mitengo poganiza kuti ndi mbalame, pamene mwini mawu ali pafupi ndi phazi lake.

Mnyamata wa ku Chulu, Kasungu

Aphunzitsi, zambiri mwanenazo ndagwirizana nazo, koma pa kulirapo ndikukayika. Kuno kwathu dothi ndi lamchenga ndipo nkhululu ndi zambiri. Mvula ikagwa madzulo m'munda mumamveka phokoso lochokera pansi, ndipo tikakumba pamene likuchokerapo timapeza nkhululu, osati finye. Ine ndakumba nkhululu kuyambira ndili mwana ndipo una wake ndimaudziwa bwino. Kodi si zimenezi mukuziyesa finyezi?

Chinanso, chaka chatha tikugwetsa chigafa chakale cha fodya tinapeza chule wina pansi pa mitengo yowola. Nayenso sankadumpha, ankangoyenda pang'onopang'ono. Anali wakuda bii wonyezimira, wokhala ndi mizere iwiri yofiira kuchokera kumutu kutsikira m'mbali, ndi madontho ofiira m'miyendo. Anzanga anati ndi finye wamwamuna. Mmodzi anamugwira ali ndi bala la chikwanje pachala, ndipo dzanja linamuwotcha n'kutupa mpaka madzulo. Ndiye mukamati finye alibe vuto, ine ndikuopa kuti ena awerenga pano n'kumakatola chilichonse choyenda pansi.

Aphunzitsi a ku Domasi

Achimwene a ku Kasungu, mwachita bwino kwambiri kutchula za chule wakudayo, chifukwa chenjezo lanu ndi loona. Ameneyo si finye ngakhale pang'ono. Dzina lake ndi Phrynomantis bifasciatus. Thupi lake ndi lotalikirako ndi losalala, mutu umaoneka bwino, ndipo mizere yofiira kapena yachikasu chofiirira pa thupi lakuda ndiyo imauza adani kuti asamuyandikire. Zotuluka pakhungu lake zimawotcha zikalowa pabala, m'maso kapena mkamwa, monga zinamuchitikira mnzanuyo. Ameneyo asiyeni osamugwira, ndipo ana auzidwe. Iye amaswana m'madzi, mbululu zake zimasambira m'zithaphwi, ndipo kulira kwake ndi kwautali konjenjemera, "trrrrr" wa masekondi angapo, usiku pafupi ndi madzi. Finye alibe mtundu wowala pathupi pake. Ndi wamtundu wa dothi.

Pali winanso amene anthu amamusokoneza ndi finye, Hemisus marmoratus. Nayenso ndi wozungulira, wamiyendo yaifupi, wokhala pansi pa nthaka. Kusiyana kwake kuli pamphuno: yake ndi yosongoka ndi yolimba, ndipo amalowa m'dothi ndi mutu, pamene finye amalowa chobwerera. Amapezeka kwambiri m'mphepete mwa madambo chifukwa ngakhale amaikira mazira pansi, mbululu zake zimafunika kukafika m'madzi. Mukakhala ndi chikayiko, muikeni pa dothi lofewa muone mbali imene iyambe kulowa.

Tibwere ku nkhululu. Simukunama, nkhululu imaliradi pakhomo pa una wake, koma makutu akazolowera simungazisokoneze. Nkhululu imaliza mapiko, ndipo phokoso lake ndi limodzi losalekeza, logonthetsa m'khutu ukayandikira, ndipo imakonda chisisira. Finye amaliza kathumba ka pakhosi, ndipo mawu ake ndi odukizadukiza. Liwu lililonse silikwana ngakhale theka la sekondi, kenaka pamakhala mpata. Mtundu wa mossambicus liwu lake limamveka lokhakhalako pang'ono, pamene wa poweri ndi likhweru losalala lobwerezedwa motsatizana kambirimbiri asanapume. Kwanu ku Kasungu, kufupi ndi malire a Zambia, tcherani khutu ku likhweru lotsatizanalo.

Poyesa kuzindikira, funso loyamba likhale lakuti mawuwo akuchokera kuti. Akachokera kudambo kapena pachithaphwi, ndi achule ena. Wa zotupatupa pakhungu uja, amene amabwera pakhonde kudzadya tizilombo pa getsi, ndiye mwini "kroo kroo" wokoka. Tiachule ta m'mabango timalira mokuthwa kwambiri tonse pamodzi. Palinso wamizeremizere wotchedwa Kassina senegalensis amene liwu lake limakwera kumapeto, "kwoip", limodzilimodzi kuchokera mu udzu wozungulira madzi. Koma mukamva kamawu kakafupi kobwerezabwereza pakati pa munda wa kumtunda, kutali ndi madzi, masana kuli mawawa, ameneyo ndi finye.

Kumupeza n'kovuta chifukwa amamva kugunda kwa mapazi pansi, ndipo mukayandikira amakhala chete n'kubwerera m'dzenje. Njira imene ndimachita ndi ana a sukulu ndi iyi. Anthu awiri aime motalikirana, aliyense aloze ndi tochi kumene akumva mawuwo. Pamene kuwala kwa matochi awiriwo kwakumana ndi pamene pali mwini wake. Yandikirani pang'onopang'ono, akasiya kulira inunso imani osagwedezeka mpaka ayambirenso. Mukafika chotsani masamba ndi dzanja, osati ndi khasu. Mudzaona kamutu kokha katatulukira, pakhosi pakufufuma ndi kuphwa. Amene muli ndi foni yojambula mawu, jambulani. Mukaseweretsa mawuwo pamalo omwewo, nthawi zambiri amuna ena amayankha, ndipo ana a sukulu akaona zimenezi nkhani yakuti finye salira imathera pomwepo.

Mayi a Chisomo, ku Linthipe

Zikomo kwambiri agogo, aphunzitsi ndi inu achimwene a ku Kasungu. Kamawu ka pii pii kameneko ndimakadziwa bwino, timakamva chaka ndi chaka nthawi yobzala, ndipo tonse kuno timati ndi kambalame kobisala mu udzu. Chule wakuda wamizere yofiirayo ndamufotokozera mwana kuti asadzamukhudze.

Koma tsopano ndili ndi nkhawa ina. Ngati mazira ake ali m'nthaka ya m'munda kwa miyezi iwiri, ndiye kuti nthawi yake ikugundana ndi yopalira ndi kubandira. Kodi sitikuwatha ndi makasu athuwa? Kulima sitingaleke, koma ngati pali chimene munthu angachite ndikufuna ndichidziwe.

Aphunzitsi a ku Domasi

Mayi, mtundu wa finye wathuyu sunafike poopsa. Bungwe la IUCN, limene limaunika zamoyo zimene zili pangozi yotha, linauika m'gulu la zosadetsa nkhawa, chifukwa umapezeka m'maiko ambiri ndipo umapirira m'minda. Achule a kuno amene ali pangozi yeniyeni ndi a malo ochepa, monga Nothophryne broadleyi wa pa matanthwe onyowa a phiri la Mulanje, amene John Poynton anamulemba mu 1963. Komabe mtundu kukhala wochuluka m'maiko ambiri sikutanthauza kuti sungathe m'munda mwanu. Za kasamalidwe ka munda pali alimi pano odziwa kuposa ine.

Bambo a Tadala, ku Thyolo

Mayi a Chisomo, ndiyankheko monga mlimi mnzanu. Munda wanga uli pamalo otsetsereka, ndipo kale ndinkasonkhanitsa mapesi n'kutentha chaka chilichonse ndisanapange mizere, monga tinkachitira tonse. Nthawi imeneyo finye ndinkamuona mwa apo ndi apo, makamaka m'malire mwa munda momwe muli udzu ndi nthochi. Nditayamba ulimi wa mtayakhasu pa gawo lina la mundawo, kusiya mapesi pansi ndi kubzala osagalauza, gawo limenelo ndi limene kamawu akunena aphunzitsiwo kamamveka kwambiri mvula ikagwa. Chifukwa chake n'choonekeratu. Pansi pa mapesi dothi siliuma msanga, silitentha ndi dzuwa la Okutobala, ndipo chiswe ndi nyerere zimene finye amadya zimakhala pomwepo. Ukatentha, pamwamba pamatsala poyera, pouma gwa, popanda pobisala.

Ndisakunamizeni kuti finye adzakutherani chiswe m'munda. Ndi kanthu kakang'ono, ndipo chulu chimodzi chili ndi chiswe chosawerengeka. Koma amadyako ndithu, ndipo mbewu sakhudza, sadya mizu, sadya tsamba. Palibe chimene mlimi amataya pokhala naye.

Pa mankhwala opha udzu ndi opha mbozi ndimasamala. Chule amamwa madzi ndi khungu, ndiye chimene chagwera pa dothi lonyowa chimamulowa m'thupi. Ine sindipopera kukakhala mawawa kapena mvula itangokata, chifukwa ndi nthawi imene iwo ali pamwamba, ndiponso mankhwalawo amangokokoloka. Madzi otsukira sipuleya sindithira pa chulu kapena m'malire mwa munda. Ndimakumba dzenje lake lapadera kutali ndi chitsime.

Kwa inu amene mukulima ndi mizere, siyani kamzere ka udzu kapena vetiva m'malire ndi mozungulira chulu, osagalauza, osatentha. Kamathandiza kale kugwira nthaka, ndipo afinye ambiri amathawira mmenemo. Popalira, khasu lisamalowe kwambiri pamene simukufunika kutero. Mukavundukula kachipinda kozungulira kokhala ndi timazira toyererako tonanda pamodzi, nthawi zina mkazi ali pambali pake, musatichotse ndipo musathirepo madzi. Bwezeranipo dothi lonyowa mopepuka osapondapo, ikani mapesi kapena masamba pamwamba kuti dzuwa lisalowe, n'kuzikapo kamtengo kuti aliyense wopalira adziwe. Pobandira mudzalumphe kamalo kameneko, udzu wake mudzazule ndi manja mpaka miyezi iwiri ithe. Malo ake saposa phando limodzi la chimanga.